Mawilo akazungulira si kuti galimoto yayenda

Pali chithunzi china chochokera ku Mars chimene ndimachitsegula mobwerezabwereza, ndipo nthawi iliyonse ndikachiyang'ana mtima umandiwawa ngati ndikuchiona koyamba. Chinajambulidwa mu 2005 ndi kamera ya m'munsi ya Opportunity, imodzi mwa magalimoto ofufuzira amene NASA, bungwe la ku America lofufuza za mumlengalenga, linatumiza kudzikolo, amene akatswiri amawatchula kuti rover. Pachithunzipo pakuoneka wilo litamira mumchenga, mipata ya pakati pa mano ake itadzaza ndi dothi losalala, ndipo mozungulira pali chipululu chafulati chopanda mwala ngakhale umodzi woti munthu n'kuuopa. Pamene inatitimirapo panalibe phiri la mchenga. Kanali kamulu kotalika masentimita pafupifupi 30 okha, kofanana ndi timilu tina tambiri timene galimotoyo inali itadutsa kale popanda vuto lililonse.

Tsiku limenelo, pa 26 Epulo 2005, Opportunity inalamulidwa kuyenda mamita pafupifupi 90, ndipo inkayenda mwa njira imene oyendetsa amati kuyenda mwakhungu, kutanthauza kuti inkangowerenga kuti mawilo azungulira kangati n'kumatenga chiwerengerocho ngati mtunda umene yayenda. Itadutsa mamita pafupifupi 40 inalowa m'kamuluko n'kuyamba kuterereka, koma popeza mawilo ankazungulirabe, kompyuta yake sinaone cholakwika. Inapitiriza kupalasa mchengawo mokhulupirika, uku ikudzikumbira dzenje. Kuti ituluke panatenga masabata oposa asanu, mainjiniya akuyeserera kaye pansi pano ndi galimoto ina yofanana nayo, kenako n'kumatumiza malangizo a tsiku limodzi limodzi. M'masabata amenewo mawilo anazungulira mokwanira kuyenda mamita pafupifupi 190, chonsecho galimotoyo inasuntha mtunda wosakwana mita imodzi. Inatuluka pa 4 Juni 2005, ndipo kamuluko anakapatsa dzina lakuti Purgatory.

Wina angafunse chifukwa chimene woyendetsa sanapondere mabuleki ataona kuti zinthu zayamba kuipa. Yankho lake n'lakuti panalibe amene ankaona. Uthenga wa wailesi wochokera pa Dziko Lapansi umatenga mphindi zapakati pa 3 ndi 22 kuti ufike ku Mars, malinga ndi pamene maiko awiriwa ali pa maulendo awo ozungulira dzuwa, ndipo yankho limatenganso nthawi yofanana kuti libwerere. Kuwonjezera pamenepo, zithunzi zambiri zimadzera pa masetilaiti amene amadutsa pamwamba pa galimotoyo pa nthawi zina zokha. Choncho oyendetsa, amene amagwira ntchito ku Jet Propulsion Laboratory (JPL) ku California, amalandira zithunzi za pamene galimoto yaima, amakonza ulendo wonse wa tsiku lotsatira, amautumiza, kenako amadikira mpaka zotsatira zitabwera. Tsiku la ku Mars, limene amalitchula kuti sol, ndi lotalika maola 24 ndi mphindi 39. Chilichonse chimene chingalakwike mkati mwa tsiku limenelo chiyenera kuganiziridwa chisanachitike, ndipo galimotoyo iyenera kupatsidwa njira yoti izindikire yokha kuti yafika poti iime.

Mchenga umavuta chifukwa cha mmene wilo limapezera mphamvu yokankhira kutsogolo. Pathanthwe wilo limagwira pamalo olimba, ndipo likazungulira kamodzi galimoto imasuntha mtunda wofanana ndi kuzungulirako. Pamchenga wilo limakankhira mchenga kumbuyo, ndipo mchengawo ukalephera kupirira umagumuka n'kuchoka. Ngati wilo lazungulira mokwanira mita imodzi koma galimoto yasuntha masentimita 40 okha, akatswiri amati kuterereka kwafika pa 60 peresenti. Choopsa n'chakuti kuterereka ndi kumira zimadyetsana. Wilo loterereka limakumba, likakumba limamira, likamira mchenga umaunjikana kutsogolo kwake ngati kakhoma kofunika kukwera, ndipo kukwerako kumafuna mphamvu yochuluka imene imachititsa kuti literereke kwambiri. Pamalo okwera zimenezi zimachitika msanga zedi, moti chitunda chimene galimoto ingachikwere mosavuta chikakhala cha thanthwe chikhoza kuigonjetsa chikakhala cha mchenga wolekana.

Phunziro loyamba la ku Purgatory linali lakuti chiwerengero cha mawilo sichiyenera kukhulupiriridwa pachokha. Kuyambira pamenepo Opportunity inkaima pakapita mtunda wochepa, n'kujambula malo ndi makamera ake awiri oyang'ana mbali imodzi ngati maso a munthu, kenako n'kusuntha pang'ono n'kujambulanso. Kompyuta imasankha timiyala kapena tizizindikiro tina pachithunzi choyamba, imatifufuza pachithunzi chachiwiri, ndipo poona mmene tasunthira imawerengera mtunda weniweni umene galimoto yayenda. Mtundawo ukachepa kwambiri poyerekeza ndi umene mawilo akunena, ulendo umathera pomwepo mpaka anthu ataona zithunzi. Mu 2006 Opportunity inalowanso mumchenga wofewa, koma ulendo uno inadziimitsa msanga ndipo inatuluka patangopita masiku ochepa. Komabe njira imeneyi ili ndi chofooka chimene chimandidetsa nkhawa: imafuna zizindikiro zooneka, pamene mchenga wosalala, womwe ndi malo amene njirayi ikufunika kwambiri, nthawi zambiri ulibe chizindikiro chilichonse. N'chifukwa chake oyendetsa nthawi zina amalozetsa kamera m'mapazi a galimoto yomweyo. Mawilo a Curiosity, galimoto ina ya NASA imene inafika ku Mars pambuyo pake, ali ndi timabowo timene timadinda pansi zilembo za JPL m'kalembedwe ka Morse nthawi iliyonse wilo likazungulira kamodzi, ndipo mukayang'anitsitsa zithunzi za m'mbuyo mwake mumaona timadontho ndi timizere timeneti tikubwerezabwereza pamchenga. Tikatalikirana bwino ndiye kuti wilo linkagwira, koma tikathinana ndiye kuti linkaterereka.

Nkhani ya Spirit, galimoto inzake ya Opportunity, ndi imene imandikhudza kuposa zonse, chifukwa apa oyendetsa anali atadziwa kale za Purgatory ndipo ankasamala. Spirit inatera m'chigwa cha Gusev mu Januwale 2004, milungu itatu Opportunity isanatere mbali ina ya dzikolo, ndipo onse awiri anakonzedwa kuti agwire ntchito masiku 90 okha a ku Mars. Mu Malichi 2006 wilo lake lakutsogolo kumanja linasiya kuzungulira, moti kuyambira pamenepo inkayenda chambuyo ikukoka wilo lakufalo. Kukokako kunabweretsa mwayi wosayembekezeka mu 2007, pamene wilolo linapalasa nthaka n'kuvundukula dothi loyera lodzaza ndi silica, umboni wakuti pamalopo panali madzi otentha kapena nthunzi kalekale. Koma galimoto ya mawilo asanu ogwira ntchito ilibe mphamvu yotsalira yodzipulumutsira ikalowa m'mavuto.

Chakumapeto kwa Epulo 2009, ikuzungulira thanthwe lotchedwa Home Plate, Spirit inaponda pamalo ooneka ngati nthaka wamba yolimba. Pamwamba panali kakhungu kopyapyala kouma, koma pansi pake panali mchenga wofewa ngati ufa, wodzaza ndi mchere wa sulfate. Kakhunguko kanasweka ndipo mawilo anamira. Palibe kamera imene ikanaona zimenezi pasadakhale, chifukwa kamera imaona pamwamba pokha. Mainjiniya anatha miyezi ingapo akuyeserera m'bokosi lalikulu la dothi losakaniza, akuopanso mwala umene unkaoneka kuti wakhudza kumimba kwa galimotoyo, ndipo atayamba kuyesa kuitulutsa mu Novembala 2009 wilo lachiwiri, lakumbuyo kumanja, linafanso. Pa 26 Januwale 2010 NASA inalengeza kuti Spirit izigwira ntchito itaima pamalo amodzi. Chimene chinaipha kwenikweni ndi kuzizira, pakuti inalephera kufika pamalo opendekera kumpoto pamene mbale zake za magetsi a dzuwa zikanalandira kuwala kokwanira m'nyengo yachisanu. Inalankhula komaliza pa 22 Malichi 2010, itayenda makilomita 7.7. Malowo anawatcha Troy, ndipo ili pomwepo mpaka lero.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Oyendetsa Opportunity anatenga zochitika zimenezi mozama, ndipo zinaonekera pa ulendo wautali wochoka ku chigwa cha Victoria kupita ku chigwa cha Endeavour, umene unayamba mu 2008. Pofika nthawi imeneyo anali ndi chida chimene analibe mu 2005, kamera ya HiRISE imene ili pa setilaiti ya Mars Reconnaissance Orbiter, yomwe imajambula pansi mwatsatanetsatane moti kadontho kamodzi ka chithunzi kamaimira masentimita 25 mpaka 30. Ndi zithunzi zimenezi ankatha kuona kukula kwa mizere ya mchenga, mbali imene yalowera, ndiponso pamene thanthwe loyera likuonekera pakati pa mizereyo. Endeavour inali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 12 munthu akalunjika, koma Opportunity inayenda makilomita pafupifupi 21 m'zaka zitatu, italowera kaye kum'mwera polambalala mizere ikuluikulu, ndipo inafika mu Ogasiti 2011. Kwa munthu woyang'ana mapu mwachangu, makilomita owonjezerawo amaoneka ngati kutaya nthawi. Ine ndimawaona ngati chifukwa chimodzi chimene galimotoyo inakwanitsira kuyenda makilomita oposa 45 mpaka pamene chimphepo cha fumbi chinaphimba dzuwa mu Juni 2018.

Zithunzi za kumwamba zimathandizanso m'njira ina yosaonekera msanga. Mchenga wosalala umatentha msanga masana n'kuziziranso msanga usiku, pamene thanthwe limasunga kutentha nthawi yaitali. Makamera oyeza kutentha, monga THEMIS ya pa setilaiti ya Mars Odyssey, akajambula malo amodzi masana ndi usiku amapereka chithunzithunzi cha kulimba kwa nthaka, ngakhale kuti saona mwatsatanetsatane ngati HiRISE.

Mapu a kumwamba amapereka njira ya miyezi, koma njira ya mawa imakonzedwa ndi zithunzi za pansi. Oyendetsa amavala magalasi oonetsa kuya kwa chithunzi, amayendetsa galimoto yoyerekezera pakompyuta pamwamba pa malo amene makamera ajambula, amayeza kupendekeka kwa malo alionse, ndipo amajambula malire a madera amene galimoto siyenera kulowamo zivute zitani. Amaikanso malire a kuterereka ndi a kupendekeka oyenerana ndi nthaka ya tsikulo. Magalimotowa ali ndi pulogalamu yotchedwa AutoNav yowathandiza kudzisankhira njira kupitirira pamene maso a anthu athera, ndipo pa Perseverance, galimoto imene inatera ku Mars mu 2021, pulogalamuyi ndi yachangu moti galimoto imaganiza uku ikuyenda. Koma AutoNav imayang'ana maonekedwe a malo: mwala wautali, dzenje, phompho, chitunda. Bwalo la mchenga wakuya lomwe lili lafulati limaoneka kwa iyo ngati msewu wabwino koposa. Apa ndi pamene diso la munthu likufunikabe.

Ndinazimvetsa bwino zimenezi mu 2020, pamene panatsegulidwa ntchito ya AI4Mars pa webusaiti ya Zooniverse, yopempha anthu wamba kuti athandize kuphunzitsa kompyuta kusiyanitsa mitundu ya nthaka. Munthu amapatsidwa chithunzi chakuda ndi choyera chojambulidwa ndi Curiosity, ndipo amazunguliza mzere pa mchenga, pa dothi logwirana, pa thanthwe ndi pa miyala ikuluikulu. Ndinakhala madzulo angapo ndikuchita zimenezi. Thanthwe silivuta chifukwa limakhala ndi ming'alu, ndipo mchenga wokhala ndi timafunde umadziulula wokha. Chimene chinkandiimitsa dzanja ndi malo otuwa, osalala, okhala ndi timiyala tochepa tomwazikana, pamene sindikanatha kunena ngati timiyalato tagona pa dothi lolimba kapena tangoyandama pamwamba pa mchenga wakuya. Ndinkakuza chithunzicho, ndinkafufuza ngati pali mapazi a wilo pafupi oti andisonyeze kuya kwake, ndipo nthawi zambiri ndinkasiya malowo osawalemba, monga malangizo ankanenera kuti munthu asalembe pamene akukayika. Kwa ine kukayikako kunalibe mtengo uliwonse. Woyendetsa weniweni amakumana ndi malo otuwa omwewo ali ndi maola ochepa oti asankhe, ndipo kumbuyo kwake kuli galimoto imene palibe adzapite kukaikankha.

Zikanakhala kuti yankho ndi kungothawa mchenga, ntchitoyi ikanakhala yophweka. Curiosity inasonyeza kuti sizili choncho. Galimoto imeneyi, yolemera makilogalamu 899, inatera m'chigwa cha Gale mu Ogasiti 2012, ndipo mawilo ake a aluminiyamu ndi otalika masentimita 50, koma chitsulo cha pakati pa mano ake n'chopyapyala, mamilimita 0.75 okha. Chakumapeto kwa 2013 zithunzi zinayamba kuonetsa mabowo ndi ming'alu pa mawilowo, zikuchuluka mofulumira kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Choyambitsa chinali miyala yakuthwa, yosongoledwa ndi mphepo, yozikika m'nthaka yolimba moti wilo likaiponda siisuntha. Mwadzidzidzi mchenga, umene unali mdani, unakhala pothawira. Mu Febuluwale 2014 oyendetsa anasankha kuwoloka mulu wa mchenga wotalika pafupifupi mita imodzi umene unatseka mpata wotchedwa Dingo Gap, kuti akafike m'zigwa za nthaka yofewa. Anafika kaye m'mphepete, anasuzumira kuseri kwake ndi makamera, anakambirana, kenako anawoloka bwinobwino. Koma walira mvula walira matope. Mu Ogasiti chaka chomwecho, Curiosity italowa m'chigwa cha Hidden Valley, mawilo anayamba kuterereka kuposa mmene ankaganizira, ndipo oyendetsa anaibweza n'kufunafuna njira ina yopitira m'tsinde mwa phiri la Sharp.

Funso limene linandisowetsa mtendere kwa nthawi yaitali ndi lakuti mulu wa mita imodzi unawolokeka bwanji pamene timizere tating'ono tinabweza galimoto yomweyo. Kusiyana kwagona pa chiwerengero cha mawilo amene ali mumchenga pa nthawi imodzi ndiponso kutalika kwa nthawi imene akhalamo. Magalimotowa ali ndi mawilo 6, lililonse ndi mota yakeyake, olumikizidwa ndi mikono yotchedwa rocker-bogie imene imachititsa kuti onse azigunda pansi. Mulu ukakhala umodzi wokha, galimoto imalowamo mawilo ena akadali panthaka yolimba, ndipo posakhalitsa akutsogolo amakhala atatsikira kale tsidya lina. M'chigwa chodzaza mizere yotsatizana, mawilo onse amakhala mumchenga kwa mtunda wautali, ena akukwera mzere uwu pamene ena akukwera mzere wina, ndipo palibe limene lingakoke anzake. Kuyesa zimenezi pansi pano n'kovuta chifukwa mphamvu yokoka ya Mars ndi 38 peresenti yokha ya mphamvu ya Dziko Lapansi. Pofuna kuthana ndi vutoli mainjiniya anapanga galimoto yoyesera yotchedwa Scarecrow, imene anaichotsa zida zambiri kuti kulemera kwake kuno kufanane ndi kulemera kwa Curiosity ku Mars, ndipo anakaiyendetsa pa milu ya mchenga ya Dumont m'chipululu cha Mojave. Ngakhale zili choncho, mchenga wa ku Mojave si mchenga wa ku Gale, ndipo umboni wodalirika kwambiri umachokerabe ku mawilo a galimoto imene ili pamalopo.

Pali anthu amene amadandaula kuti magalimotowa amayenda pang'onopang'ono, poti liwiro lawo lalikulu ndi masentimita pafupifupi 4 pa sekondi, ndiponso kuti oyendetsa amachita mantha mopitirira. Ndimamvetsa kudandaulako, makamaka kukachokera kwa asayansi amene akuona thanthwe lofunika lili pafupi koma akuuzidwa kuti alifikira pakapita milungu. Tsiku lililonse lolambalala ndi tsiku limene lachotsedwa pa moyo wa galimoto umene uli ndi malire. Komabe sindigwirizana ndi amene amati kusamalaku n'kopitirira muyeso, chifukwa zotayika za mbali ziwirizi n'zosafanana. Njira yozungulira imadya milungu, pamene kutitimira kungadye ulendo wonse pamodzi ndi miyala yonse imene galimoto ikanaifufuza m'tsogolo. Chimene ndimayamikira n'chakuti oyendetsa samangoti mchenga wonse ndi woletsedwa. Pakati pa 2015 ndi 2017 Curiosity inafufuza milu yamoyo ya Bagnold, imene mphepo ikuisunthabe, ikuyenda m'mphepete mwake n'kumaponda ndi wilo limodzi kuti ione zamkati.

Perseverance, imene inatera m'chigwa cha Jezero pa 18 Febuluwale 2021, inapatsidwa mawilo olimbirapo, otalika masentimita 52.5, okhala ndi mano 48 m'malo mwa 24 a Curiosity. Inapezeka kuti yatera pafupi ndi dera lotchedwa Séítah, dzina la chinenero cha Navajo lotanthauza pakati pa mchenga, ndipo oyendetsa sanalole kuti idutse pakati pa derali. Inalizungulira n'kulowamo pang'ono chakum'mwera kumene thanthwe linkaonekera, pamene kahelikopita ka Ingenuity ndi kamene kanadutsa pamwamba pake mu Julayi 2021, kakuuluka mamita 625 n'kujambula malo amene mawilo sakanafikako. Pobwerera kupita kumene mtsinje wakale unkathira m'nyanja imene inali m'chigwacho, galimotoyo inalizunguliranso deralo, makilomita pafupifupi 5 m'mwezi umodzi, mbali yaikulu ikudziyendetsa yokha mkati mwa malire amene anthu anaijambulira.

Mu 2024 gulu lomwelo linasankha mosiyana. Perseverance inkayenda m'mbali mwa khwawa louma la Neretva Vallis kulowera ku miyala yoyera ya Bright Angel, ndipo inalowa m'dera la miyala ikuluikulu yothinana moti AutoNav inkangoima, ndipo mtunda wa tsiku unatsika kuchoka pa mamita oposa 100 kufika pa makumi ochepa chabe. Chakumpoto kwake kunali khwawalo, pansi pake podzaza milu ya mchenga. Oyendetsa sanathamangire kutsikiramo. Anapitiriza kukwawa pakati pa miyala, akuyerekeza zithunzi za kumwamba ndi za pansi, mpaka atapeza chigawo chimene milu inali yaing'ono ndi yotalikirana mokwanira kuti galimoto idutse m'mipata yake, komanso potsikira posapendekeka kwambiri. Atapeza zonse ziwiri anatsikira m'khwawamo, anadutsa mchenga wa mamita pafupifupi 400, ndipo anafika ku Bright Angel mu Juni, milungu ingapo nthawi imene ankayembekezera isanakwane. Mwezi wotsatira, m'dera lomwelo, galimotoyo inaboola mwala wa mawanga ngati a kambuku umene anautcha Cheyava Falls, ndipo kachidutswa kake kali m'chubu chomata m'mimba mwa Perseverance, kudikira ulendo umene mwina ungadzakabweretse kuno.